Masitepe Zana ndi Makumi Anayi

Ndinatsika phiri la Cordillera Loweruka m'mawa,
penshoni ya miyezi isanu nditaipinda m'thumba la malaya.
Griselda anandiperekeza ndi mawu pakhomo:
"Usakagule ndi maso okha, Eleodoro.
Maso akowo ndi omwe aja anasankha ine."

M'sitolo, makanema makumi awiri pakhoma limodzi,
onse akuonetsa nsomba yachikasu imodzimodzi
ikusambira m'madzi amene sindinawaonepo
zaka makumi atatu ndili pamwamba pa kireni
padoko la Valparaíso.
Mnyamata wa tayi, Yerko dzina pachifuwa,
ankalakatula manambala ngati pemphero la pamtima:
mainchi makumi anayi ndi awiri, mitundu mamiliyoni,
yopyapyala ngati buku, bambo, taigwirani.
Ndinaigwira.
Inali yofunda ngati mphumi ya mwana wodwala.

"Imatentha chonchi masiku onse?"
"Pulazima ndi choncho."
"Nanga ikafa?"
"Chitsimikizo chilipo, chaka chimodzi."
Chaka chimodzi!
Firiji yathu yaika m'manda agalu atatu
ndipo ikung'ung'udzabe kukhitchini.

Sindinagule. Ndinakhotera kuseri kwa msika,
kwa Nibaldo wokonza mawailesi,
kumene makanema amagona chafufumimba
matumbo ali poyera.
Wogulitsa amadziwa za tsiku la ukwati,
za maliro kafunseni Nibaldo.

Ankaloza ndi kachitsulo kake kowotcherera:
"Iyi yotchipa imabwera kuno chitsimikizo chikangotha,
ngati imawerenga kalendala.
Iyo chikomekome cha mkuyu,
zipangizo zake mpaka ziwoloke nyanja,
udzamera imvi zina ukudikira.
Za mtundu winawu ndaonapo ziwiri zokha,
ndipo imodzi inachita kugwetsedwa ndi mphaka."

Kenaka anayatsa ina ya pakona.
Galasi mbee, koma cha m'munsi
munatsalira mthunzi wa wotchi ndi mzere wa nkhani,
wosafufutika, ngati mwaye wa kandulo pakhoma.
"Mwini wake ankaisiya pa siteshoni imodzi usana ndi usiku
mkazi wake atamwalira.
Pulazima imasunga chimene waionetsa nthawi yaitali."
Ndinayang'ana nsapato zanga.

Lolemba ndinabwerera kwa Yerko ndi chimbale m'manja:
ukwati wa mwana wathu Marisela,
wojambulidwa usiku, m'holo ya babu limodzi lofooka.
"Chotsani nsombayo."
Pa kanema wowala uja, usiku ndi masuti zinasanduka phala limodzi.
Pa wachiwiri, nkhope zinali ngati zapakidwa njerwa.
Pa wachitatu mdima unali mdima weniweni,
ndipo m'kati mwake ndinaona makwinya a jekete
la malemu mkulu wanga Abelardo,
ndi dzanja lake lamanzere pakhosi la gitala,
chala chija chinaphwanyidwa ndi unyolo.
Zaka zisanu ndi ziwiri ndikuonera chimbalecho,
sindinkadziwa kuti iye alimo mpaka chala.

Sinali yopyapyala kuposa zonse.
Sinali yotchipa.
Ndinawonjezera zaka ziwiri za chitsimikizo
ndipo ndinawerenga tizilembo tonse ndi chala pamzere,
Yerko akuyasamula.

Amuna awiri anainyamula masitepe zana ndi makumi anayi,
akupumira pa khomo lililonse la buluu, akutukwana chapansipansi.
Nibaldo anabwera yekha ndi mabawuti anayi aatali,
pakuti kuno nthaka ili ndi chizolowezi chotembenuka m'tulo.

Inatembenukadi, mu Julaye, pakati pa mpira.
Makapu analira m'kabati, nyali inavina,
Griselda anandigwira mkono mpaka zikhadabo.
Kanema sanasunthe. Tinachinyidwa ziwiri, zooneka bwino kwambiri.

Masiku ano iye amawodzera pampando nkhani zisanathe,
magalasi atatsetserekera pamphuno.
Ndimamuchotsa rimoti m'manja pang'onopang'ono,
ndi kuzimitsa.
Ndimaika chikhatho pagalasi, likadali lofunda,
n'kudikira mpaka lizizire.